Hatchi Yachitsulo Ikumwabe

Lolemba, 7 Epulo

Madzi oundana asweka mumtsinje. Atsekwe abwerera. Mlatho watsekedwa: zipilala ziwiri za simenti ndi chikwangwani chofiira. Ndinakhala pa thirakitala nthawi yaitali, kuwerenga chilembo chimodzichimodzi monga anandiphunzitsira mkazi wanga, a Domka. Manda awo ali kutsidyako, kuseri kwa tchalitchi. Pa 27 wansembe adzadalitsa manda. Chaka choyamba chimwalirireni. Ndinawalonjeza kuti tsikulo sadzakhala okha.

Lachinayi, 10 Epulo

Njira yozungulira, makilomita 70, msewu waukulu wokhawokha, thirakitala singakwanitse. Laisensi anandilanda chifukwa cha maso. Darlene, mwana wanga, sachoka pantchito kumzinda wa Edmonton mpaka Meyi. Pa foni: "Ababa, musachite zopusa."

Mpope wa kampani wopopa mafuta apansi m'munda mwangamu ukungogwedeza mutu. Zaka makumi anayi. A Domka ankautcha hatchi yachitsulo, ankati ikupemphera. Masana ndinaodzera pawindo. Ndinawaona akuisisita pakhosi, mphepo ikuulutsa mpango wawo wamaluwa. Tiyi anazizira.

Lachiwiri, 15 Epulo

Msonkhano wa khonsolo kuholo. Tinapita pa thirakitala. Onufry, mnzanga wa munda woyandikana, nayenso alibe laisensi, anakhala m'ngolo ngati thumba la mbatata.

Khansala ndi mwana wa malemu Pawluk, ndinamunyamula ndine pa ubatizo. Akuti ndalama ya mlatho palibe. Kampani ya mafuta yatha zaka zitatu osapereka msonkho wa zitsime zake za mafuta, ndipo ikupempha kuti auchepetsenso. Mayi wina anawerenga pa foni phindu la kampaniyo la chaka chatha. Nambala yaitali ngati sitima ya tirigu, sindinaione mchira.

Ndinaimirira pang'onopang'ono. Ndinafunsa kuti pa matumba zana amene kampani imakolola, imapereka angati. Khansala anayang'ana pansi. "Mwina anayi, agogo. Anayiwonso sitinawaone."

Onufry: "Ine ndikachedwa mwezi umodzi, kalata yofiira. Mawa ndigula chipewa cholimba cha antchito awo, nane ndikhale kampani." Anthu anaseka. Ine ndinkaganiza za msonkho wa chaka cha chilala, pamene a Domka anagulitsa makina awo osokera kuti tisachedwe.

Lachisanu Loyera

Mvula. Hatchi sinapume.

Lachitatu, 23 Epulo

Pasaka ndinadya ndekha. Lero galimoto ya kampani inabwera kudzapaka hatchi girisi. Dalaivala munthu wabwino, amafunsa za bondo langa. Ndinamupempha kuti adzandizungulitse Lamulungu. Akuti malamulo a kampani salola kunyamula munthu. Anandisiyira kalendala. Mu Epulo. Pa tsamba la mwezi uno pali mlatho wokongola wa kwina, ukuwala padzuwa. Ndinauyang'ana mpaka unayamba kuoneka ngati wathu, tsiku la ukwati, ngolo ikudutsa, mabelu pa mahatchi enieni.

Lamulungu, 27 Epulo

Ndikulembera pa bondo, kumanda. M'dengu: buledi wa Pasaka wogula, mazira atatu opaka utoto wofiira, kandulo. Thirakitala tinaisiya pa zipilala. Onufry: "Ukagwa, Metro, thirakitalayi ndi yanga." Ndinakwera pamlatho wapansi, ndi ndodo. Matabwa ofewa ngati buledi wonyowa, madzi akuonekera m'mipata, akuthamanga. Mapazi 112. Kumbuyo ndinkamva Onufry akutukwana m'chinenero cha amayi athu. Anali akubwera.

Wansembe wawaza madzi. Anthu ayala chakudya pa udzu.

Ndili pano munda wanga ukuoneka wonse. Kahatchi kakang'ono, kuwerama, kudzuka, kuwerama. Ndawauza: "Amake Darlene, munalakwitsa. Sikupemphera ija. Ikumwa." Ndikudziwa aseka.

Dzina langa lili kale pamwalapa, pambali pa lawo, chaka chomwalira chokha sanalembe. Onufry akundiitana kuti tiwoloke mphepo isanakule. Ndamuuza adikire kaye. Mbali ino ya mtsinje kukufunda, maso akulemera, cholembera chikundipulumuka, ndipo