Ana 212 Amene Pulogalamu ya Mkamwini Sinawalembetse

Lachitatu, 14 Meyi
Ana oyenera kulembetsa mayeso: 212
Amene pulogalamu inati yawalembetsa: 212
Amene inawalembetsadi: 0
Mafoni amene ndaimbira mwamuna wako: 19
Amene wayankha: 1

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana. Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo ayi.

Paja mwamuna wako anandilembera pulogalamu yoti izitsegula yokha tsamba la mayeso pa intaneti, kulemba mayina a ana a pasukulu pano, n'kudina batani lotumizira. Lolemba inandiuza kuti zatheka. Ine n'kukauza aphunzitsi aakulu chimodzimodzi, aphunzitsi ena asanu akumva. Dzulo ndapeza kuti palibe dzina n'limodzi lomwe limene linapita.

Ndinafufuza maola anayi. Batanilo silili poyera. Lili mu felemu, katsamba kokhala m'kati mwa tsamba, ndipo felemuyo ili m'kati mwa inzake. Pulogalamu iyenera kulowa yakunja kaye, kenako yam'kati. Mkamwini wangayo sanaiuze dzina la felemu, anangoti izilowa yachiwiri pa tsambalo. Tsono eni tsamba aika felemu ya zidziwitso pamalo achiwiriwo, yachiwiri ija yasanduka yachitatu. Pulogalamu imalowa m'zidziwitso, batani osalipeza, n'kulembabe kuti zatheka, poti mwini wake anailamula kunena zimenezo zivute zitani.

Tsiku limene anayankha foni anati pakompyuta yake zimayenda, mwina agogo mwadina polakwika. Agogo! Zaka 31 ndili mlembi, sindinatayepo dzina la mwana wa munthu. Iye kuwerenga mpaka atatu kwamukanika.

Kulembetsa kutsekedwa Lachisanu 12 koloko. Ndayamba kulemba pamanja, dzina lililonse mphindi zisanu ndi ziwiri. Pempho langa n'limodzi: umulande rimoti, umukhazike pampando, akonze mzere wolakwikawo m'pulogalamuyo mawa lisanalowe dzuwa. Usandilembere zoti watanganidwa. Akalephera, akwere basi adzaime yekha pamaso pa makolo. Ine ndiziwaitana mayina, iye azifotokoza.

Upereke moni kwa azakhali ako ndi adzukulu anga atatu. Kwa mwamuna wako moni ndausunga kaye.

Amene ndalemba pamanja lero: 38
Otsala: 174
Maola amene ofesi ikhale yotsegula: 14
Amene zala zanga zingakwanitse: 120
Ana amene salemba mayeso chaka chino iye akapanda kukonza: 54

Ndine mayi ako,
Mlembi wa pasukulu