Makisi Anayi a Tisauke

Palabana, Chongwe
14 Januwale

Alongo anga a Yoramu,

Muli bwanji ku Kitweko? Nanga alamu anga ndi ana? Miyendo ija yasiya kutupa? Ife kuno tilipo, mvula ikugwa bwino, chimanga chafika m'chiuno.

Uthenga wanu ndinaumva. Mwati mwana wanga Tisauke simumutenganso chifukwa makisi ake a giredi naini aperewera ndi anayi, ndipo pepala silinama. Malo amene munamulonjeza pakhomo panu kuti akapitirize sukulu mwapatsa Chipasha, mphwake wa akazi anu. Mwagamula ngati eni mbumba, koma mlandu mwauzenga osamva mboni.

Pepalalo silinama, inde. Wabodza ndine.

Tsiku la mayeso a masamu bambo ake a Tisauke anadzuka ndi malungo. Mkaka unali kale m'zigubu, ndipo mukudziwa kuti kolandirira mkaka kuja ukachedwa amaubweza kuti wasasa. Ine njinga sinditha. Ndinamuuza Tisauke kuti athamangitse mkakawo panjinga, abwerako nthawi ilipo. Anandichonderera kawiri, yunifomu ili kale m'thupi, kuti amayi lero lokha nisiyeniko. Ndinamukalipira kuti ng'ombe sizidziwa mayeso.

Pobwerera tcheni chinaduka. Anakankha njinga mpaka kusukulu, nalowa anzake atalemba kale theka la ola, manja ali bii ndi girisi. Mafunso akumapeto sanawawerenge n'komwe.

Zotsatira zitatuluka, azimayi kutchalitchi anayamba kunong'onezana kuti mwana wa Nelesi ndi wouma mutu. Ine za mkaka zija ndinabisa, kuopa manyazi. Aphunzitsi ake akuti palibe chimene angachite, ochonga amangoona nambala, mwanayo samudziwa. Iwowo ndawakhululukira. Koma inu, alongo, mumamudziwa. Kodi si yemweyu amaphunzitsa Chipasha wanuyo masamu pakhonde panu holide yonse ija? Mtima wanga ukuwawa, sindikubisirani.

Tsopano Ba Mavis, a kumapuloti atsopanowa, amene amagwira ntchito m'tauni, akumufuna kuti azikawalerera khanda. Bambo ake a Tisauke avomera kale, akuti wolephera sasankha ntchito. Ba Mavis adzamutenga pa 1 Febuluwale. Mwanayu ali ndi zaka khumi ndi zisanu.

Ndagwira mwendo wanu, mutengeni akabwereze giredi naini kwanuko, ngakhale azigona pansi. Muwaimbire foni bambo ake mwezi usanathe, inu amakumverani. Ngati mukufuna wolephera woti mumulange, ndine ndili pano.

Mulungu akusungeni, mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Ndinamufunsa Tisauke ngati ali ndi mawu oti ndiwalembere amalume ake. Wati ndikuuzeni kuti mabuku ake wawamanga kale m'katoni, mutume munthu adzatengere Chipasha, iye alibe nawonso ntchito.

Ndine mlongo wanu,
Nelesi