Khitchini Imene Joy Anakana Kufufuta

Dublin
11 March 2018

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukulizani. Mukudabwa kuti kalata ya chiyani pamene timayankhulana pa foni Lamulungu lililonse. Pa foni mumandidula pakamwa, Amayi, ine nkupezerapo pothawira. Tarsizio, ndikudziwa ukuwawerengera ndiwe. Usadumphe mzere, mlongo wanga, ndimakudziwa.

Nkhani ya pasipoti yanu yatisangalatsa kwabasi. Mdzukulu wanu Joy akuwerenga masiku, akuti agogo ake adzakhale kutsogolo pa May 19 pamene azidzalandira Ukaristia koyamba. Diresi tagula, loyera mbee, ndipo akufuna kugona nalo.

Mwezi watha kalasi lawo linapita ku National Gallery, nyumba yaikulu yosungiramo zithunzi zojambula pamanja. Anabwerako pakamwa pali juu, Velázquez uyu, Velázquez uyu, mpaka Loweruka anandikokera komweko. Ameneyu anali mmisiri wa ku Spain, wa mumzinda wa Seville, amene pambuyo pake ankajambula mfumu ya dziko lawo. Koma chithunzi chake chimene chili kuno anachijambula asanakwane zaka twenty, ndipo mulibe mfumu. Muli mtsikana wakuda ngati ife, duku loyera kumutu, ataweramira patebulo la m'khitchini. Pali mbale, majagi, kamtondo kosinjira ndi adyo. Ndinaima pamenepo ngati ndaona munthu wa kwathu ku Bembeke.

Joy anandigwira dzanja. "Look in the corner, Mammy." Paja iye Chichewa amamva koma kuyankha ndi chizungu basi. Pakona pali kawindo, ndipo mkati mwake Ambuye Yesu ali patebulo ku Emausi. Mayi wotionetsa anati kale wina anapaka utoto pakona imeneyo, anthu nkumangoona wantchito ndi mbale zake, mpaka tsiku lina akatswiri pochitsuka anapeza Ambuye ali phee pansi pa utotowo.

Aphunzitsi anawauza ana kuti aliyense ajambule khitchini ya kwawo monga anachitira mmisiriyo. Apa ndiye pagona nkhani, Amayi. Khalani pansi.

Joy anajambula ine nditagwada m'bafa, ndikutsuka mbale. Pambali anaika ketulo imene ndimaphikiramo mazira, ndi mkaka uli pawindo kuti uzizire. Sananame ngakhale pang'ono. Ife khitchini tilibe. Nyumba ya lendi ya ku Ongar ija mwini wake anaigulitsa mu September. Ndinasaka, ndinasaka, mpaka nsapato kutha. Ukafika pa viewing, pokaona nyumba ya lendi, upeza anthu forty pamzere, ena atavala masuti. Ntchito yanga yosamalira okalamba ku Lucan ilipo, koma nyumba kulibe. A council ya mzinda anatiika mu hotela, chipinda chimodzi, mabedi awiri. Kuphika nkoletsedwa, alendo ngoletsedwa. Masofa aakulu amene mumawaona kumbuyo kwanga pa video, amene munawatamanda kwa amayi a ku mphakati, ndi a pa reception. Ndimadikira pasakhale anthu ndiye nkukuimbirani.

Nditaona chojambulacho manyazi anandigwira, mutu waukulu. Ndinamupatsa kirayoni yakuda. "Iwe, fufuta izi. Jambula ya ku Ongar. Ukufuna kalasi lonse lidziwe kuti mayi ako amatsukira mbale mosambira?"

Anandiyang'ana ndi maso anu aja, a pamene munthu wathira mchere wambiri m'ndiwo. "Ayi," anatero, m'Chichewa chenicheni, ine mpaka kudzidzimuka. Kenaka anandilozera pakona. Anali atajambula kawindo, ndipo mkatimo munali inu, Amayi, ndi chitenje chanu cha Amayi Akatolika, mutakhala patebulo kudikira chakudya. Anati ndikapaka zakuda ndikwirira agogo.

Ndinalowa m'bafa momwemo, nkutsegula mpope kuti asamve. Ndinalira ngati mwana. Miyezi six ndakhala ndikukunamizani, inu amene munatiphunzitsa kuti ukabisa matenda maliro tidzamva. Ndinkaopa kuti mukadziwa mudzati musavutike nane ana inu, nkubweza pasipoti mu sutikesi. Ndimakudziwani. Ndiye ndinali wokonzeka kukuuzani kuti visa yavuta, kuti musabwere, musaone. Mwana wa zaka eight wandichititsa manyazi, ndipo ndikumuthokoza.

Tsono pempho langa ndi ili: bwerani ndithu. Kwa ine simungagone, koma anzanga a kutchalitchi, a Clotilda a ku Zambia, amene amakhala ku Crumlin, amva zonse. Anandikalipira kaye mpaka makutu kuwawa, kenaka anati, "Amai ako ni amai anga, bazagona pa bedi panga." Ali ndi khitchini yabwino, ndipo akuti mukafika ikhala yanu. Mudzatiphikire chigwada, Joy sanalawepo. Tsiku lina tidzakutengani mukamuone mtsikana wa duku uja, kulowa nkwaulere. Musaiwale juzi, May wa kuno ndi June wa ku Dedza.

Chojambulacho anapita nacho kusukulu momwemo, osafufuta. Aphunzitsi atachibweza, Joy anati chikhale chanu, ndiye ndachipinda mu envelopu muno. Amayi a ku mphakati mukhoza kuwaonetsa kapena ayi, zili kwa inu, ine ndatopa nako kubisa.

Moni kwa azakhali, kwa alamu ndi ana onse. Tarsizio, ngati mawu akukanika, pumira kaye, Amayi adikira. Joy akuti ndilembe kuti amakukondani, ndipo waumirira kuti ndilembe m'Chichewa. Mukamayankha, lembani pa adiresi ya a Clotilda ili kuseriyi. Makalata anu awiri a Khirisimasi anapita ku Ongar, ndipo ndinachita kukawapempha pakhomo kwa anthu achilendo.

Ndikhululukireni, Amayi, ndipo bwerani.

Ndine mwana wanu,
Julia