Chitengwa cha Faines

Lamulungu, 9 Ogasiti 1981

Mphepo ya ku Dzoole. Fumbi m'maso, fumbi m'Baibulo. Ulaliki wautali, wopanda mutu. Titatuluka, Abusa anandikokera kuseri kwa tchalitchi. Akuti mipingo ya kutsidya kwa nyanja yatumiza thandizo: maphunziro a zaka ziwiri pa sukulu ina ya mpingo kummwera, a anthu odzatsogolera chitukuko m'midzi. Zitsime, zimbudzi, sukulu za kwacha, chakudya cha ana onyentchera. Ukamaliza, njinga, simenti, malipiro mwezi ndi mwezi. Dera lathu lonse lapatsidwa malo amodzi. Aganizira ine.

Ine Lester, amene ndinawerengapo mabuku olemera kuposa khasu, kukaphunzira kukumba dzenje la chimbudzi. Ndinafuna kuseka. Ndinangozindikira ndagwira dzanja la Abusa ndi manja awiri.

Chichokereni ku yunivesite chaka chachitatu chisanathe, palibe khomo latseguka. Nthabwala imodzi ya ndale pa chakudya, mnzanga n'kuitengera kwa anthu osaseka. Ntchito ya boma ayi, ngakhale uphunzitsi wa pulayimale. Ndine mkamwini, wolima munda wa eni ake. Khomo lina silidzabwera, ndikudziwa.

Lamulo lawo ndi limodzi: satenga munthu, amatenga banja. Mwamuna kalasi yake, mkazi kalasi ya amayi. Wobwera yekha abwerere. Yankho likufunika pakati pa Sepitembala.

Lolemba, 10 Ogasiti

Ndamuuza Faines. Anali kupeta mphale, Tabita ali kumbuyo. Sanaleke kupeta. Anangoti, "Nanga amayi? Nanga dimba?" Ndinamuuza kuti kumeneko akamuphunzitsa mbali ya pensulo imene imalemba. Nthabwala chabe. Sanaseke. Saseka masiku ano.

Kenaka anati, "Mukawauze atsibweni."

A Yeremiya, alongo awo a apongozi anga, eni mbumba. Mkazi ndi wanga, mwana ndi wanga, koma kuwatulutsa m'mudzi muno n'kupempha chitengwa. Zaka zisanu za ukwati wa pa tchalitchi, ndikapemphebe ngati wobwereka nkhwangwa.

Lachinayi, 13 Ogasiti

Mwambo umati nditume nkhoswe yanga, achimwene Andireya, abwere ndi nkhuku akakambirane ndi nkhoswe ya kuchikazi. Achimwene ali kumapiri a Ntchisi. Ulendo, ndalama, masiku. Ndinati munthu wapakamwa ngati ine angatume mnzake kukamulankhulira?

Ndinapita ndekha. Ndinawapeza akuumba njerwa kudambo, matope mpaka m'zigongono, adzukulu awo akunyamula zikombole. Ndinafotokoza zonse bwinobwino, nditaimirira. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Kodi akamwini, kwanu anthu anatha?"

Pamenepo ndikanakhala chete. Ndinati ng'ombe yolima zaka zisanu ikanamasulidwa kale pagoli. Ndinatinso nkhani ya sukulu ndi yovuta kuimva munthu amene sukulu anaionera pa windo. Pamaso pa adzukulu awo.

Anasamba m'manja pang'onopang'ono. "Tamva," basi.

Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Apongozi anatseka chitseko chawo dzuwa likadalipo.

Lamulungu, 16 Ogasiti

Abusa amva. Akuti, "Lester, unaphunzira zonse kupatula kunena odi." Anditchulira dala kuti wachiwiri pa mndandanda ndi Alexio wa ku Msakambewa. Sitandade 8. Powerenga Mawu amalondola ndi chala. Mkazi wake wasoka kale madiresi awiri, akuti mwina mwayi ungagwe.

Alexio kukatsogolera chitukuko! Chitsime chake chidzatuluka fumbi.

M'tchalitchi ndinayang'ana mbali ya amayi. Faines akuimba, maso otseka. Mawu ake ndi amene anandibweretsa m'mudzi uno. Ndinali nditaiwala.

Lachitatu, 19 Ogasiti, ku Ntchisi

Ndagulitsa jekete yanga ya ku koleji kwa telala wa pa msika. Ya basi ndi ya nkhuku yapezeka. Pokwera, anyamata a chipani kufuna khadi. Ndinaonetsa, ndinamwetulira. Kwa iwo ndimatha kumwetulira.

Kwathu kuzizira, nkhungu pa phiri mpaka masana. Achimwene Andireya ndawapeza akufolera khola. Anaseka mpaka kukhala pansi. "Iwe unapita wekha? Kudambo? Utaimirira?" Atatha kuseka anavomera. Anagwira thadzi lawo lomwe, lakuda, ndalama yanga anakana. Akuti ndikakhale chete mpaka iwo abwere, ngati ndingathe.

Loweruka, 29 Ogasiti

Masiku onsewa chete. Ndathandiza a Yeremiya kupanga uvuni wa njerwa osaitanidwa. Msana ukuwawa. Sanandithamangitse, sanandithokoze.

Achimwene afika m'mawa, malaya oyera, thadzi m'khwapa. Akhala pansi pa mango ndi akuchikazi. Ine andithamangitsira kudimba, nkhani yanga yomwe. Ndinathirira mpiru mpaka unamira. Kuchokera kumeneko ndinamva kuseka kawiri. Chizindikiro chabwino.

Yankho: abwerenso Loweruka, eni ake ayambe afunsana.

Ndayamba kuwerenga kabuku ka zitsime kamene Abusa anandibwereka. Nkhani ya dothi ndi madzi si yopusa monga ndinkaganizira. Ana awiri amwalira m'mudzi muno chaka chino ndi kutsekula m'mimba, onse akumwa pa dambo limodzi ndi ng'ombe. Ntchito imeneyi ndikhoza kuigwira. Ndikhoza kuigwira bwino kuposa wina aliyense. Ndaona kale m'maganizo kanyumba ka pa sukulupo, Faines akusoka pa makina, Tabita atavala nsapato.

Loweruka, 5 Sepitembala

Akana. Thadzi labwerera m'khwapa mwa achimwene.

Powaperekeza ku basi ndinawatukwana a Yeremiya njira yonse. Nkhalamba yanjiru, yosunga mangawa, yofuna kapolo wa njerwa. Achimwene anaima pa mlatho. Sindinawaonepo atakwiya chotero.

"Tatseka pakamwapo kamodzi. Mkuluyo anakhululuka tsiku lomwe lija, anati mwanayo apite akaphunzire, mudzi udzapindula. Koma chitengwa sapereka osamufunsa mwiniwake. Anamuitana, anamufunsa katatu. Amene wakana ndi mlamu, mkazi wakoyo."

Basi inabwera. Anakwera ndi nkhuku yawo. Ndinakhala pa mlathopo mpaka ng'ombe zinayamba kubwerera kumudzi.

Lamulungu, 6 Sepitembala

Sindinapite ku tchalitchi. Faines nayenso sanapite. Tabita anamupereka kwa agogo ake, ndiye kuti anadziwa kuti ndifunsa.

Ndinafunsa. Ndinayembekeza za amayi ake, za dimba. Anakhala pa mkeka, miyendo yotambalala, akuyang'ana zala zake. Ndilemba monga ananenera, kuti ndisadzakonze.

"Bambo a Tabita, kuno mukandinyoza ndimapita kwa amayi, ndimakasinja ndi anzanga, pofika madzulo zapola. Kumeneko ndikapita kwa yani? Azimayi ophunzira, azungu, inu n'kumandikonza Chingerezi pamaso pawo kuti aseke. Zaka ziwiri. Ndikafa ndili moyo."

Ndinati sindinamumenyepo chikwatirane. Anavomera. "Inde. Mukanandimenya ndikanakhala ndi choonetsa kwa ankhoswe."

Ndinali ndi yankho. Ndimakhala nalo nthawi zonse. Linafika pa lilime, lakuthwa bwino, ndipo ndinaona mapewa ake akukwera kulidikira. Ndinatuluka.

Lachiwiri, 8 Sepitembala

Sindikudya. Iye akuphika monga mwa masiku onse, akundiikira madzi osamba, akuchapa malaya anga. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti kufatsa kwake ndi kusamva. Ankamva zonse. Anasunga zonse.

Ndayesa kukumbukira mawu abwino amene ndinamuuzapo chibadwire Tabita. Ndikufufuzabe.

Lachinayi, 10 Sepitembala

Abusa anandiitana. Sakufuna kutumiza Alexio, anena mosabisa. Akuti njira ilipo: atume amayi akuluakulu a Chigwirizano akamukhazike pansi Faines, amuwerengere za mkazi kumvera mwamuna wake, amukumbutse malumbiro a ukwati. Amayi busa atsogolere. "Sangakane amenewo. Pofika Lamulungu avomera, a Yeremiya alibe mawu ena."

N'zoona. Ndikumudziwa. Adzagwada, adzati chabwino, adzamanga katundu. Adzakwera lole maso ali pansi.

Ndangonena kuti ndiyankha mawa. Njinga. Simenti. Dzina langa kuitanidwanso m'kalasi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudikira munthu woti andiuze kuti mutu wangawu ukufunika penapake. Mulungu, ngati mumawerenga zolemba za anthu onga ine, bwanji mwabweretsa chinthuchi n'kuchiika m'manja mwa munthu yekhayo amene…

Lachisanu, 11 Sepitembala

Ndawauza Abusa kuti amayi a Chigwirizano asavutike. Atumize Alexio. Anandifunsa kawiri. Ndinati ndikamubwereka kabuku kaja, ndipo mawu ovuta ndikamuwerengera. Sindinawonjezepo kanthu za chala chake. Anandiyang'ana ngati ndadwala.

Pobwerera ndinadzera kudambo kuti anthu asandione nkhope. Amayi atatu akutunga, ng'ombe zili m'madzi momwemo.

Kunyumba Faines sanafunse. Mwina wamva kale, m'mudzi muno nkhani imafika mwiniwake asanafike. Anabwera ndi beseni ndi jagi, anagwada, anandithirira madzi m'manja. Ndinati, "Zikomo, amake Tabita."

Anakhala chogwada, jagi ili m'mwamba, kudikira mawu otsatira. Panalibe. Anadikirabe.