Kakowa wa pansi pa mlatho

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji pamodzi ndi alamu? Ine ndili bwino, ndanenepa mpaka mpando wa kamiyawo, chilole ndimayendetsa chija, ukudandaula.

Lachiwiri ndinatsekeredwa pamzere pamlatho ndi malasha anga, dzuwa likuwotcha mpaka m'mafupa. M'mphepete mwa Zambezi ndinaona kakowa, osati tanu toyera totsatira ng'ombe tija. Uyu ndi wotuwa, wa khosi lofiirira, wamtali kuposa alamu atavala chipewa. Anaima duu ngati ine. Kenako anatola nsomba, napinda khosi, n'kuuluka osatsanzika munthu. Ndinamusirira.

Ine patrawo, bwana wanga, wandikaniza tchuthi, akuti ndikachoka makiyi apatsa wina. Choncho ku ukwati wa mwana wanu Rozina sindifika. Mumuuze asandikwiyire, kavinidwe ka malume ake kakanagwetsa tchalitchi. Mundivinireko pang'ono.

Mulungu akusungeni nonse.

Mlongo wanu,
Zakariya