Shawelo ya Mwanasha

Lolemba, 5 Juni 2023

Kuzizira kwa Fourways sikuona nkhope. Zala zachita kuuma, koma ndaluka mizere iwiri madamu atapita ku jimu. Shawelo ya mdzukulu wanga woyamba yatsala pang'ono. Mwanasha, mwana wanga yekhayo, ali mwezi wachisanu ndi chinayi kwathu ku Ntaja.

Ulusi ndi woyera. Pakati ndaikapo timaso ta nkhunda, poti nkhunda siithawa mazira. Mizere yobiriwira ilipo isanu ndi itatu, umodzi pa chaka chilichonse chomwe ndakhala ku Joni kuno. Mwanasha ndinamusiya ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Aziwerenga yekha, ine pakamwa sinditha kupepesa.

Lachitatu, 7 Juni

Madamu aiona: "So pretty, make me one for the couch." Ndangoseka. Ya pa kauchi!

Ndamuimbira Mwanasha. "Inde. Ayi. Ndili bwino." Basi. Amandiyankha ngati ndine nesi wa kusikelo.

Lachisanu, 9 Juni

A Asumani, onyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, anyamuka mawa. Vuto ndi m'mphepete. Malemu amayi anga ankati shawelo siitsekedwa mwana asanalire. Umasiya ulusi ukulendewera ngati mchombo, agogo ake n'kudzamaliza tsiku lotuluka m'chikuta. Nanga ine ndikamalize bwanji, mapepala anga okhalira kuno anatha kalekale? Ndikatuluka sindilowanso.

Mnzanga Hajara akuti, "Eish, tsekani aise, ikasomboka m'thumba la a Asumani mudzalira. Zamakolozo zinathera pa Beitbridge."

Ndatseka. Ndamanga mfundo, ndadula ulusi ndi mano. Mtima unagunda kamodzi, ndinaunyalanyaza.

Loweruka, 10 Juni

Yapita. Ndalemba dzina la Mwanasha papulasitiki kawiri.

Lamulungu, 11 Juni

Mwana wabadwa m'mawa. Wamkazi. Sanalire.

Lolemba, 12 Juni

Achemwali anga ndiwo anaimba. Akuti amayi okhaokha anakamuika dzulo lomwelo, mwakachetechete, monga mwa mwambo. Andiuza kuti ndisalire mokweza, wotere salilidwa. Ndalirira m'chipinda chochapira, makina akuzungulira. Kenako ndasita malaya asanu ndi awiri a bwana.

Ndikudziwa kuti mfundo siipha mwana. Adokotala akuti mchombo unamukulunga pakhosi. Ndikudziwa. Koma ndine ndinadula ulusi uja, ndipo zikundipweteka koopsa.

Shawelo isafike. Mwanasha atsegule pulasitiki, aone zimenezo, manja ali opanda kanthu? Ayi. Foni ya a Asumani siikulowa, kaya ali ku Zimbabwe kaya ku Tete.

Lachiwiri, 13 Juni

A Asumani ndawapeza pafoni masana, ali pamzere pa boda ya Mwanza. Ndati asapereke, abwere nayo. Iwo anati, "Innalillahi. Pepani mayi, ndamva. Ndiisunga pansi pa mpando."

Ndauza achemwali kuti asamutchulire Mwanasha. Koma achemwali anga pakamwa ndi chitseko chopanda loko.

Lachinayi, 15 Juni

Mwanasha waimba yekha. Chibwerereni kuno sanayambepo waimba yekha. Ndinali ndikukolopa pakhonde, ndinangokhala pansi pomwepo.

"Amayi, akuti mwabweza katundu wanga."

Ndati ndimaopa kumuwonjezera chisoni. Ndamuuzanso za mfundo, zonse, kuti ndinatseka nthawi isanakwane. Ndimadikira kuti andikalipire, mwinanso ndimafuna.

"Za mfundozo ine sindikuzidziwa," anatero, mawu atasasa. "Kuno aliyense akundibisira zinthu. Matewera abisa, beseni abisa, mwananso sanandionetse nkhope. Ngati sindinabereke. Inu nokha ndi amene munamupangira chinthu chakechake. Ndiye mundimane inuyo, mundimanenso chimenecho?"

Anafunsa kuti ndi yamtundu wanji. Ndati yoyera, ya mizere yobiriwira. Anati kukuzizira ku Ntaja, mabere akumupweteka, sakugona. Tinakhala pafoni mpaka madamu anasuzumira pawindo, ine osadzuka.

Atadula ndinaimbira a Asumani. Anali atadutsa kale Ntaja, ali pa Nselema.

"Ndiye nditani, mayi?"

"Bwererani. Mukampatse m'manja mwake, osati mwa achemwali."