Jakisoni wa Miyezi Itatu

Amayi, kaya zikuyenda bwanji kumene muliko? Kuno kutsidya la nyanja, ku Scarborough, kunja kwayera mbuu ndi chipale chofewa, ndiye ndati ndikuuzeni zomwe zachitika chikugonekereni.

Chiliza chanu tinamanga. Yamikani ananditumizira chithunzi, dzina analemba bwino. Akuti mbatatesi zachita bwino kudimba kwanu, koma nkhuku zinatha ndi chitopa.

Nkhani yaikulu ndi yoti muli ndi mdzukulu. Ndi mtsikana, tinamutcha Esinati, dzina lanu. Ali ndi miyezi iwiri ndi theka, ndipo chipumi ndi chanu chomwe. Bambo ake, a Limbani, akabwera kuntchito ku Brampton amayamba amunyamula asanavule nsapato.

Mwanayu atakwana masabata asanu ndi limodzi ndinapita kukiliniki. Adokotala anati thupi lipume kaye ndisanatengenso pakati, ine n'kusankha jakisoni wolera wa miyezi itatu. Anandichenjeza bwinobwino kuti azimayi ena akabayitsa amavutika maganizo, makamaka akakhala kuti angochira kumene. Kenako anandifunsa ngati ineyo kapena wina kwathu anadwalapo matenda amenewa. Ndinati ayi. Ndinayankha msanga, uku ndikuseka.

Patangotha masabata awiri ndinayamba kulemedwa. Palibe pakuwawa, Amayi. Ndimamuyamwitsa, ndimamusambitsa, zonse ndimachita, koma akamalira ndimamva ngati amene akulirayo ndi mwana wa eni kuseri kwa khoma. Kaya ndi jakisoniyo, kaya ndi uchembere, kaya ndi dzuwa la kuno lomwe likumalowa 5 koloko isanakwane, sindikudziwa.

Koma pali zimene ndayamba kukumbukira. Chaka chomwe munabereka Yamikani ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Munkakhala kuseri kwa khitchini tsiku lonse, maso ali pampanda. Azakhali anabwera kudzatiphikira, n'kumatiuza kuti mukudwala malungo. Malungo a miyezi isanu, Amayi? Ndinawaona abambo akutulutsa m'nyumba botolo la mankhwala opopera mbatatesi, n'kukalisungitsa kwa aneba. Munachira, koma simunazinenepo. Inu amene munkati, "Mwana wolira sandiopsa, ndimaopa wokhala chete," munapita nazo kumanda muli chete.

Lachiwiri ndinatenga Esinati pachikuku kuti tikagule matewera. Pasiteshoni ya Warden sitima inabwera, n'kupita. Inabweranso ina, n'kupita. Ndinadzidzimuka mayi wina wachikulire atandigwira dzanja mwamphamvu, akundikokera kumbuyo. Ndinali nditaima pamzere wachikasu, m'mphepete mwenimweni mwa njanji. Chikuku chinali kutali, pafupi ndi benchi, mwana ali mtulo. Sindikukumbukira ndikuchisiya pamenepo.

A Limbani ndinawauza tsiku lomwelo. Sanakalipe. Anaimba foni kukiliniki, ndipo akukilinikiwo anawauza kuti ndisamakhale ndekha, zikavuta tithamangire kuchipatala osadikira. Anatenga tchuthi. Dzulo anakankhira kabati pachitseko cha kukhonde, ati pakulowa mphepo. Timakhala pamwamba, pansanjika ya 14. Ndinawathandiza kukankha, tonse osayang'anana.

Chondiopsa n'choti jakisoni satuluka. Mapiritsi ukanangosiya kumwa, koma uyu ali m'magazi mpaka athe yekha, ndipo kwatsala pafupifupi miyezi iwiri. Komanso akatha ine ndili chimodzimodzi, ndidzati ndi chiyani?

Mawa m'mawa tikupita kukaonana ndi adokotala. Za inu a Limbani sakuzidziwa, ndipo ndidzazinena iwo ali pomwepo. Mundikhululukire, Amayi, ndikukaulula kwa alendo zimene munazibisa zaka zonsezi. Ndikukulonjezani kuti ndikanena zonse, za kuseri kwa khitchini ndi za botolo lija, ngakhale mawu atandithawa pakamwa. Ndalemba papepala kuti akandithawa ndingopereka.

Esinati wadzuka, ndikumumva. Ndipite ndikamunyamule.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike